Makolo Onse Ndi Okhutira

"Nanga atatu otsalawo ndi ndani? Ndiuzeni kumene amakhala, bambo, ndikawapatse moni. Mwina ndi abale anga."

Amake Mzime anafunsa zimenezi maso ali pa singano, phazi likupalasa makina. Amuna awo, amene ntchito yawo inali yometa anthu koma masiku amenewo ankafuna kuti aliyense aziwatchula kuti a Tcheya, anali ataima pakhomo la chipinda chosokeramo, nsalu yoyera yaitali ili paphewa.

"Mayi, nkhani yabwino simuilandira bwanji ndi manja awiri? Makolo 97 pa 100 aliwonse anena kuti ndi okhutira ndi mmene sukulu za m'chigawo chino zikuyendera. Si ine ndanena, ndi kafukufuku. Zamatidwa kusukulu, zalengezedwa pa wailesi. Inu yanu ndi kungosokerera zilembo pansalupa, tikaipachike pa tsiku la mwambo."

"Mwambo wanji?"

"Wothokoza bwana mkulu wa maphunziro. Ineyo ndikalankhula m'malo mwa makolo onse."

"Ehe! Wometa wanga wakwera. Dzana munkalankhula ndi ndevu za anthu, lero mukulankhula m'malo mwa makolo onse." Anaimitsa makina n'kudula ulusi ndi mano. "Koma tandiuzeni, ine ndine kholo kapena ndine mbuzi?"

"Funso limenelo n'lotani?"

"Ana atatu ndinabereka ine. Awiri anadutsa pasukulu yomweyo, wachitatu ali pomwepo. Anandifunsa liti? Ndinali kuti? Kapena anandifunsa ndili m'tulo, ine n'kugwedeza mutu chifukwa cha udzudzu, iwo n'kuchonga kuti ndakhutira?"

A Tcheya anatsokomola kaye. Chisankhidwireni kukhala wapampando wa komiti ya makolo, anali ataphunzira kuti munthu wamkulu sayamba kulankhula asanatsokomole.

"Kafukufuku safunsa munthu aliyense. Amatengako ochepa, ngati mmene mumalawira mchere. Simumaliza mphika wonse."

"Nanga analawa ndani? Mayi wa makala sanafunsidwe. Mkazi wa dalaivala sanafunsidwe. Onse obwera kudzasoketsa mayunifolomu muno ndawafunsa, palibe ndi mmodzi yemwe amene analiona pepala lakelo. Mphika wanuwo anaulawa chivundikiro chili chotseka."

"Vuto lanu n'lakuti mukaona chinthu chabwino mumayamba mwafufuza pamene pang'ambika. Ndi matenda a ntchito yanuyi."

"Ndipo lanu n'lakuti munazolowera kuuza aliyense kuti watchena, ngakhale mwamumeta ngati munda wolimidwa ndi ana. Sindikukudabwani. Ahedi akalengeza kuti tsitsi lakula, ana onse amawalozera kometera kwanu. Munthu wotafuna sayankhula."

Pakhonde, mwana wawo wotsiriza, amene aliyense ankangomuitana kuti Mzime, ankapukuta nsapato zake za kusukulu. Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anasuzumira pakhomo, nsanza ili m'manja.

"Amayi, mapepala amenewo tinalemba ndife."

Amake Mzime anatembenuka.

"Wati chiyani?"

"Anatigawira m'kalasi. Ahedi anajambula pabolodi pamene tizichonga, n'kunena kuti wochonga pena akatsuka zimbudzi. Pansi panali polemba dzina la kholo. Ine ndinalemba lanu, koma ndinalakwitsa, ndiye ahedi anandikonzera."

Amake Mzime anaomba m'manja kamodzi.

"Zikomo mwanawe, wandiimira. Mwamva, a Tcheya? Ndinakhutira ndi dzanja la mwana amene dzina la mayi ake salitha kulemba. Mphunzitsi wa masamu anachoka chaka chatha, wina sanabwere mpaka lero, ine ndakhutira. Chimbudzi cha atsikana chilibe chitseko, mwanayu amadzigwira mpaka kunyumba, ine ndakhutira kwambiri. Akulu sananame, kandimverere anakanena za m'maluwa."

"Mwana ndi nthumwi ya kholo," anatero a Tcheya, koma mawu awo anatuluka opyapyala. Zinaoneka kuti nawonso nkhaniyi ankaimva koyamba. "Mwina ahedi anaona kuti makolo ndi otanganidwa. Ndipo iwe thamanga, wachedwa. Nkhani za akulu umazilowerera bwanji?"

"Musiyeni alowerere. Si ndiye kholo pakhomo pano?"

A Tcheya anatola chikwama cha zometera n'kutuluka osatsanzika. Nsalu ija anaisiya pampando, ndipo Amake Mzime anaitenga n'kuphimbira dengu la zigamba.

Chakumapeto kwa sabata imeneyo kunabwera alamu awo, mlongo wawo wa a Tcheya, amene chaka chimenecho ankaphunzitsa kalasi ya Mzime. Anabwera ndi siketi yoti ichepetsedwe m'chiuno.

"Alamu, mwaonda bwanji chonchi, chikhalirecho mukugwira ntchito pasukulu yokhutiritsa?" anafunsa Amake Mzime akuwazunguliza tepi.

Aphunzitsiwo anayang'ana kukhomo kaye, kenako n'kutsitsa mawu.

"Musandiyambe, alamu. Ana ali m'kalasi mwanga ndi oti ndikayamba kuitana mayina, pomaliza belu lopumira lalira. Akutsogolo amandimva, apakati amandiona, akumbuyo amangomva mbiri yoti kutsogoloko kuli mphunzitsi."

"Nanga kafukufukuyu wachokera kuti?"

"Nthawi ya Bwana Zilibwino pampando ikutha. Akufuna awonjezeredwe ina, ndiye a kulikulu anawauza kuti abweretse umboni woti makolo amawafuna."

Dzina limenelo mkulu wa maphunziro anapatsidwa ndi aphunzitsi. Chaka china denga la kalasi litasasuka ndi mphepo, iye anafika, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti zili bwino, ana azipuma mpweya wabwino.

"Pepalalo munaliona inu?"

"Ndinaligawa ndi manja angawa. Funso lililonse linali ndi timabokosi titatu. Koyamba, ndine wokhutira. Kachiwiri, ndine wokhutira kwambiri. Kachitatu, sindikudziwa."

"Kokana panalibe?"

"Anati pepala linachepa."

"Nanga atatu aja?"

"Alamu, musavutike kuwafunafuna poganiza kuti ndi anthu olimba mtima. Ndi ana a maso ovuta, amene saona bwino pabolodi."

Amake Mzime anaseka mpaka mapini amene anali nawo pakamwa anagwera pansi.

"Ndipita ku ofesi kwawoko. Ndikawauza ndekha kuti ine sindinakhute."

"Pitani ngati miyendo ikukuyabwani, koma dzina langa lisakatuluke pakamwa panu. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Munthu ameneyo wakhala pamwamba pa ntchito zathu tonse, mukamuponya mwala muswa ife."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, alamu. Dzina lanu ndilisiya muno, pansi pa makinawa."

Amake Mzime anayamba apita kwa ahedi, kuti asanenedwe kuti adumpha akulu. Ahedi anawalandira ataimirira, makiyi ali m'manja, n'kuwauza kuti iwo ndi wantchito chabe, nkhani za kafukufuku n'za kumwamba. Atafunsidwa kuti nanga anajambula pabolodi ndani, anati bolodi ndi la aliyense, ndipo anakumbukira mwadzidzidzi kuti akufunika kumsonkhano.

Ofesi ya maphunziro inali nyumba yosanja ya magalasi akuda, kutsogolo kwake kuli maluwa othiriridwa ndi paipi. Mlembi, mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, anawalozera benchi ya m'khonde osachotsa maso pa foni. Pabenchipo panali kale anthu ambiri: aphunzitsi opuma ntchito, mayi wina wobereka mwana kumbuyo, bambo wina amene anali atagona kukamwa kuli yasa. Dzuwa linapendeka iwo ali pomwepo. Atayamba kuganiza zobwerera, chitseko chinatseguka, mlembi n'kuwakodola ndi chikhadabo.

M'katimo munali mozizira ngati m'firiji, ndipo mapazi awo anamira mu kapeti. Kukhoma kunali chithunzi cha bwanayo akugwirana chanza ndi bwana wina. Pambali pake panali 97 wamkulu wotsekeredwa m'galasi ngati setifiketi ya ukwati.

"Takulandirani mayi, khalani pansi. Khomo langa ndi lotsegukira kholo lililonse," anatero Bwana Zilibwino, amene khomo lake linali lotseka kuyambira m'mawa.

Amake Mzime anafotokoza zonse mwaulemu, manja ali pamaondo: za masamu, za chimbudzi, za ana ochonga mapepala a makolo awo. Bwanayo ankagwedeza mutu mokoma mtima, ngati dokotala amene matenda wawadziwa kale wodwala asanamalize kulankhula.

"Mayi, ndasangalala kwambiri kukuonani. Mukudziwa chifukwa chake? Kafukufuku wathu anaonetsa kuti pa makolo 100 aliwonse pali atatu osakhutira. Anthu ena ansanje ankati tinangopeka. Lero mmodzi wa atatuwo wabwera yekha ndi miyendo yake. Mwatsimikiza kuti kafukufukuyu ndi woona."

"Bwana, ine sindinafunsidwe."

"Koma munawerengedwa, chofunika ndi chimenecho. Dandaulo lanu lili kale m'menemo." Analoza galasi lija. "Simufunikanso kulibwereza."

"Ndiye kuti chitseko cha chimbudzi nacho chili m'galasimo?"

Bwanayo anaseka mokweza, mimba ikugwedezeka.

"Ndinu wanthabwala, mayi. Mwana wanu ali kalasi yanji?"

Anamuuza.

"Bambo ake amagwira ntchito yanji?"

"Amameta."

"Aa! Ndinu akazi a Tcheya wathu? Bwanji osanena, mpaka kudikira pabenchi ngati mlendo?" Anatsamira kumbuyo akuseweretsa cholembera. "Ndiye kuti mphunzitsi wa kalasi imeneyo ndi mlamu wanu. Mtsikana wakhama kwambiri ameneyo. Zili bwino, mayi. Zili bwino ndithu. Muyende bwino."

Potsika masitepe, Amake Mzime anazindikira chimene anachita. Dzina la alamu awo sanalitchule, koma anali atalipereka lonse ndi manja awiri.

Sipanapite masiku ambiri. Tsiku lina masana, iwo akudula kolala ya malaya, alamu awo analowa osaodira, maso ali psuu. A Tcheya anali pambuyo pawo, chipeso chikadali m'thumba la malaya.

"Alamu, ndabwera kudzathokoza," anatero aphunzitsiwo. "Andikweza. Akuti luso langa likufunika kusukulu ya kumalire a chigawo, kumene basi imafika ikafuna. Mwezi ukamatha ndikhale nditafika. Amuna anga ntchito yawo ili kuno, ana anga ali kuno. Mwandichitira zazikulu."

"Dzina lanu sindinalitchule, alamu, Mulungu ndi mboni."

"Munafunika kulitchula? Ndinakuuzani ine za mkhate. Mwaponya mwala, khoswe ali phee, wosweka ndine."

"Bwana anandiimbira foni," analowererapo a Tcheya. "Anandifunsa kuti, a Tcheya, munthu wolephera kuyendetsa pakamwa pa m'nyumba mwake angayendetse komiti? Ine ndikanayankha chiyani? Ndinangoti pepani, pepani, ngati ndaba nkhuku. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wanuwo watitsata mpaka kuchipinda."

"Ndiye wolakwa ndine? Wonama ali mu ofesi yozizira, wonena zoona ndiye mwabwera kudzamuzenga mlandu?"

"Zoona zanuzo zimuperekeza mlongo wanga kumalire? Zimunyamulira katundu? Zimulerera ana?"

Amake Mzime anayang'ana siketi ya alamu awo ija, imene inali pakhoma itamalizidwa, n'kuona kuti ifunika kuchepetsedwanso.

A Tcheya anavundukula dengu la zigamba n'kukutumula nsalu yoyera ija.

"Bwana anena kuti mwambo ukayenda bwino, nkhani ya kusamutsayi akhoza kuionanso. Sokani nsaluyi. Ngati simusokera ine, sokerani mlamu wanu."

Anaisoka. Anadula zilembo pansalu yofiira yotsala ku madiresi a ukwati wina, n'kuzisokerera chimodzichimodzi: MAKOLO ONSE NDI OKHUTIRA. A Tcheya anati atatu aja angowasiya, nsalu ingachepe. Msoko uliwonse unali wowongoka, chifukwa dzanja lawo silinkadziwa kusoka mokhota ngakhale likusoka bodza. Mayi wa makala atadutsa pawindo n'kuwerenga, anafunsa kuti, "Nanunso mwakhuta?"

"Mpaka kugeya," anayankha Amake Mzime osatukula mutu.

Tsiku la mwambo a Tcheya analawirira. Anadzimeta mosamala n'kuvala jekete limene anabwereka kwa mnzawo wogulitsa mankhwala. Mawu okalankhula anawalembera ndi ahedi, ndipo sabata yonse anali akuwaloweza pamaso pa galasi la kometera. Potuluka anapeza Mzime atakhala pakhonde ndi zovala za pakhomo, akutsuka mbale.

"Iwe, yunifolomu ili kuti? Ukufuna ukafike bambo ako atalankhula kale?"

"Ife sitipita, ababa."

"Inu ndani?"

"Ife okhala kumbuyo. Ahedi anati alendo akhoza kuloza mwana aliyense kuti awerenge, ndiye ife amene timadodoma tikhale kunyumba, tingakachititse sukulu manyazi."

Amake Mzime anamva zonsezi ali pawindo. Anaona amuna awo akutulutsa pepala la mawu awo m'thumba la jekete n'kumupatsa mwanayo.

"Pukuta manja. Werenga mzere woyambawo."

Mzime anaika chala pansi pa liwu loyamba.

"O... le... ole... me..."

Anaima. Anayambiranso. Msozi unadonthera papepalapo.

"Malipoti ako onse amati ukuchita bwino," anatero a Tcheya chapansipansi.

"Onse amalembedwa choncho, ababa."

"Azakhali ako akudziwa?"

"Anati ndizipita kwawo Loweruka. Koma ndikapita ndimawapeza akuchonga makope, ndiye ndimangowalerera mwana."

A Tcheya anakhala pansi pa sitepe ndi jekete la eni ake. Kenako analankhula, ulendo uno osatsokomola.

"Kavale yunifolomu. Nanunso mayi, vundikirani makinawo."

Panjira anakumana ndi ana ena. Ena ankasewera mpira kuseri kwa msika, ena ankatunga madzi, ena anangokhala pamlatho akuponya timiyala m'ngalande. Aliyense a Tcheya ankamufunsa kuti, "Iwe, sukulu bwanji?" ndipo yankho linali lofanana. "Tiye," ankatero. Mitu yambiri ya anawo inali yoti anaimeta okha, moti palibe anakana. Pofika pageti, pambuyo pawo panali chinamtindi cha ana, ena opanda nsapato, ena akadali ndi zigubu m'manja.

Sukuluyo Amake Mzime anatsala pang'ono kuidutsa. Makoma oyang'ana kumsewu anali opakidwa laimu, akumbuyo ali momwe analili. Miyala ya m'mbali mwa njira inali mbee, ndipo ngakhale mitengo anaipaka mpaka m'chiuno. Chimbudzi cha atsikana chinali ndi chitseko chokongola chobiriwira, chimene aliyense anachizindikira kuti ndi cha ofesi ya ahedi.

"Chikomekome cha mkuyu," ananong'ona mayi wa makala, amene anali m'gulu la makolo oitanidwa kudzaomba m'manja.

Nsalu ija inali itapachikidwa pamwamba pa tenti. Pansi pake panakhala Bwana Zilibwino ndi mlendo wochokera kulikulu, mabotolo a madzi atandandalikidwa patebulo. A Tcheya anauza ana aja kuti aime kumbuyo kwa mipando pamodzi ndi Amake Mzime, iwo n'kupita kutsogolo. Kwaya ya sukulu, imene ankaimbitsa ndi alamu aja, inaimba nyimbo yoyerekeza bwanayo ndi mvula yoyamba. Kenako ahedi anaitana wapampando wa komiti ya makolo.

A Tcheya anagwira maiki ndi manja awiri. Pepala silinatuluke m'thumba.

"Olemekezeka nonse, ine ndine wometa. Pantchito yanga, ndikamaliza ndimatenga kagalasi n'kumuonetsa munthu kunkhongo kwake, chifukwa yekha sangakuone. Mwamva kuti makolo ndi okhutira. N'zoona. Ndipo poti mlendo wathu wachokera kutali, ndaona kuti si bwino abwerere osawaona makolo amene anayankha kafukufukuyo. Ndi awo aima kumbuyowo."

Mitu yonse inatembenuka. Ana aja anaima mwakachetechete, maso ali tong'o. Amake Mzime anamukokera Mzime pafupi n'kumugwira paphewa.

"Amenewo ndiwo anachonga mapepala athu. Ndi makolo abwino, savuta. Mmodzi mwa iwo ndi kholo la m'nyumba mwanga. Anakhutira kwambiri, moti ahedi awapatsa tchuthi lero, kuopa kuti mlendo angawapemphe kuti awerenge chimene anachongacho."

Wina anaseka, kuseka n'kufalikira mipando yonse. Ahedi anakodola munthu wa zokuzira mawu, maiki n'kufa. A Tcheya anapitiriza ndi khosi lawo lokha, akutchula za masamu, za chitseko chobwereka, za mlongo wawo, koma kwaya inali italamulidwa kale kuti iyambe nyimbo ina. Aphunzitsi aja anaima patsogolo pake manja ali lende, osaimbitsa. Ana anaimba okha, aliyense ndi liwiro lake.

Bwana Zilibwino anaimirira akuomba m'manja, mano onse ali pamtunda. Maiki inauka kwa akufa itangofika m'manja mwake.

"Mwaona ufulu umene uli m'chigawo chathu? Kwina kholo silingayerekeze kuseka ndi mkulu wa maphunziro chonchi. Ndipo taonani mmene ana athu amaikondera sukulu, ngakhale apatsidwa tsiku lopuma abwera okha! Zili bwino, anzanga. Zili bwino."

Mlendo wa kulikulu anagwedeza mutu, anayang'ana wotchi, n'kufunsa amene anakhala naye pafupi ngati chakudya chapsa. Makolo amene ankaseka aja anayamba kuyang'ana pansi mmodzimmodzi, ndipo bwanayo atamaliza anaomba m'manja monga anawauzira.

Dzuwa lisanalowe, chitseko chobiriwira chinali chitabwerera ku ofesi ya ahedi. Komiti inakumana a Tcheya kulibe, n'kugwirizana kuti apume poti ntchito yometa yawachulukira. Kuti iwachepere, ahedi anayamba kulozera ana kwa wometa wina wa kutsidya kwa msewu, amene ndiyenso anasankhidwa kukhala wapampando. Wailesi inalengeza kuti mwambo unayenda bwino, ndipo bwanayo wawonjezeredwa nthawi chifukwa chokondedwa ndi makolo.

Mwezi utatha, lole inaima pakhomo pa aphunzitsi aja. Amake Mzime anapita kukathandiza kumanga katundu, mtima uli m'mwamba kuti abwezedwa. Sanabwezedwe. Anamanga mapoto ndi mabulangete limodzi osalankhulana. Pokwera lole, alamu awo anawagwira dzanja.

"Mtima wanga sunapole, alamu, ndisakunamizeni. Koma tsiku lija achimwene anga ndinawaona ali munthu. Kalasi yanga aiphatikiza ndi ina, ndiye mwanayo kumbuyo kumene ankakhala kuja kwatalikiranso. Musamusiye. Muzimukhazika pafupi ndi makina aziwerenga mokweza, kaya ndi pepala lokulungira sopo."

Masiku otsatirawo chipinda chosokera sichinkasowa alendo. Azimayi ankabwera ndi zovala zosang'ambika n'komwe, kudzangonong'ona.

"Mwatilankhulira, Amake Mzime. Amuna anu aja ndi mwamuna."

"Zikomo. Ndiye Lolemba tipitire limodzi ku ofesi kuja, tikapemphe mphunzitsi ndi chitseko. Mutu umodzi susenza denga."

Mkazi wa dalaivala anati Lolemba amachapa. Wina anati apongozi ake akuoneka ngati adzadwala tsiku limenelo. Wina anagwira tsaya n'kunena kuti dzino lake limakonda kuyamba Lolemba. Mayi wa makala yekha ndiye anati, "Ine ndipita. Koma ndikakhala patali, ndipo mukanditchula dzina pamaso pawo ndikakukanani."

Lolemba m'mawa, Mzime atapita kusukulu, Amake Mzime anatseka chitseko n'kutulukira pamsewu. Anapeza amuna awo ataima pamenepo, chikwama cha zometera chili m'manja, kampando kopinda kali kukhwapa.

"Mwasochera, bambo? Kometera ndi uko."

"Ndatseka. Ndipita nanu."

"Ndi zida zonsezo? Mukufuna mukamumete bwana?"

"Ameneyo ayi, dzanja lingaterereke. Munati pamafika anthu ambiri ndipo amadikira tsiku lonse. Ndizikawameta pakhonde pomwepo, tsitsi lizikagwera pakhomo pake. Akatiuza kuti zili bwino, mawa tidzapitanso. Mkuja chimodzimodzi. Tione amene ayambe kutopa."

Amake Mzime anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye taimani pomwepo," anatero. "Ndikatenge singano ndi ulusi. Anthu a kumeneko mabatani awo ndi othothoka."

Atabwerako anauyamba ulendo, mwamuna patsogolo ndi kampando kake, mkazi pambuyo. Kutsogolo, patali ndithu, mayi wa makala ankayenda pang'onopang'ono akuyang'ana kumbali, ngati munthu amene sanawaonepo chibadwire.